Gitala Yoluma ya ba Mubita

Mlamu wanga Filimoni ndiye anayambitsa zopita ku Livingstone. Ine ndinali ndi kabenchi kanga pakhonde la sitolo ina ku Mchinji, kukonza mawailesi ndi mafoni a anthu amene amakubweretsera chinthu chofa kalekale n'kumakuyang'ana ngati wachipha ndiwe. Iye anali woimba gitala m'maukwati, malipiro ake mbale ya mpunga ndi zikomo. Tsiku lina anamva kwa mnzake kuti kumathithi a Mosi-oa-Tunya azungu salola woimba kugona ndi njala, ndipo kuyambira pamenepo nkhani inali yomweyo, podya yomweyo, kumunda yomweyo.

Mlongo wanga Esinati, mkazi wakeyo, sanamuletse. Anabwera kwa ine mwana ali kumsana, n'kukhala pansi pafupi ndi benchi.

"Achimwene, alamu anuwa mukuwadziwa. Akaona gitala amaiwala ndi njira ya kwawo yomwe. Mupite nawo, ndipo mudzabwere nawo."

Ndinamuyankha kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake sachita kumuweta ngati mbuzi. Koma ndinalongedza. Kwathu tinabadwa awiri okha, ine ndi Esinati, ndipo anali asanandipemphepo chinthu chachikulu chotero.

Tinadutsa pachipata cha malire cha Mwami ngati anthu okaona abale, ndipo masiku amene anatidindira anatha tisanaidziwe n'komwe tauniyo. Kuyambira pamenepo tinali anthu oyenda chotsamira mpanda, galimoto ya apolisi ikadutsa n'kumayang'ana nsapato zathu. Livingstone ndi wotentha, kutentha kwake kokwiyitsa. Nyengo ya madzi ambiri ukaima pamsewu waukulu umaona utsi wa mathithi uli tolo chakummwera. Chinyanja chawo tinkachimva, koma iwo ankaseka chathu, ati timayankhula ngati Baibulo. Magetsi ankati malaiti. Ife awiri dzina lathu linali limodzi, ba Malawi.

Amene anatitola anali ba Sakala, bambo wa ku Katete amene anakhazikika kumeneko kalekale, mkulu wa mpingo, wosaseka wamba. Anali ndi kashopu m'tauni kokonzera zida zoimbira: makiyibodi a m'matchalitchi, masipika ong'ambika, magitala. Anandipatsa waya woduka kuti ndiwotcherere iwo akuona. Anaukoka, sunaduke, ntchito n'kukhala yapezeka. Pogona anatipatsa kuseri kwa nyumba yawo ku Nottie Broadie, kachipinda kamene kale kanali ka wantchito. Matiresi anali amodzi, wina mutu uku wina mutu uko. Mapazi a mlamu wanga ndinawadziwa bwino kuposa mmene mlongo wanga ankawadziwira, ndipo ndinkamuuza zimenezo. Zochepa zimene tinkapeza tinkatumiza pafoni, Esinati n'kumatiuza kuti feteleza wagula, ana ali kusukulu.

Filimoni anavutika kaye, kuimba panja pa mabala ndi pamene anthu a ku Mukuni amayala ziboliboli kudikira alendo. Kenako anamutenga ba Mubita, eni bandi imene inkaimba paloji ina m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa mathithi. Dzina la lojiyo sinditchula. Ankaimba masana alendo akudya pakapinga, mpaka dzuwa kulowa. Lamulo la pamenepo linali lakuti oimba azivala zikopa ndi mikanda, kumapazi kopanda kanthu, ati alendo anachokera kutali kudzaona Afirika osati nsapato. Ndiye taganizani bambo wa ana atatu, mimba ili pamtunda, atakolekera gitala ya magetsi, mapazi ali pakapinga wothiriridwa m'mawa uliwonse. Ndinamuseka mpaka misozi.

Kuseka kunatha tsiku limene anabwera akupukusa dzanja.

"Alamu, gitala ya ba Mubita imaluma."

"Yatopa nanu. Inenso ndikanakhala gitala bwenzi nditakulumani kale."

"Sindikucheza. Ndikaigwira zala zimanyerenyetsa. Dzana mlomo unagunda maiki, ndinaona nyenyezi masanasana."

Anatembenuza mlomo wam'munsi, panali thuza. Anati amene ankaiimba iye asanabwere anaisiya n'kuthawa, akuti inalodzedwa. Ba Mubita anapita nayo kwa mneneri wina amene anaidzoza mafuta, koma kuluma sikunasiye.

Ba Sakala atamva anauza Filimoni kuti aibweretse. Anaitsegula kumsana, n'kuloza kawaya kakuda ndi nsonga ya sikuludiraiva.

"Imwe ba Malawi, iyi si nkani yoseka. Gitala siluma, ni ampu yamene iluma. Onani aka kawaya. Kachoka pansi pa nsambo, kayenda ku jeki pamene pangena kebulo, kebulo yakatenga mpaka ku ampu. Manje ampu ikankala na vuto, malaiti yabwela mu nsambo, yapita muli iwe, yangena pansi. Na nsapato ulibe? Awe."

Kawaya kameneko kamakhala m'gitala wamba iliyonse, ntchito yake ndi kuletsa kaphokoso kong'ung'udza. Ampu, bokosi lija lokuza mawu a gitala, ikakhala yabwino sikavulaza munthu. Koma ampu iyi inali ya loji, ndipo sinkatuluka pageti. Ba Sakala anavala jekete n'kupita okha kukapempha kuti aione, n'kuuzidwa kuti loji ili ndi wamagetsi wakewake. Filimoni anawonjeza kuti magetsi akazima, ndipo ankazima pafupifupi tsiku lililonse, oimba ankawayatsira kajenereta kuseri kwa mitengo, mawaya ake osenda kunsonga n'kuwapanikizira musoketi ndi timitengo ta machesi.

Ndinamuuza kuti akadandaule kwa manijala.

"Ndikadandaule ndi pepala liti, alamu?"

Ankanena zoona. Kwa eni kulibe mkuwe.

Tinadula kawaya kaja. Gitala inasiya kuluma, koma inayamba kung'ung'udza m'masipika. Sabata lisanathe ba Mubita anatulukira pashopu, munthu wamtali wonunkhira mafuta odula, gitala ili m'manja.

"Ba Sakala, bazungu sibalipila kumvela njuchi. Bwezani waya wanga."

"Muzapaya muntu, ba Mubita."

"Ine naliza iyi gitala zaka zingati, nili moyo. Ngati ayopa ayende kwao. Bali bambili bafuna iyi nchito."

Ba Sakala anakana kubwezera. Ba Mubita anapita nayo kwa wokonza mawailesi wa kumsika, ndipo madzulo ake gitala inali ikulumanso. Ndinauza Filimoni kuti tizipita kwathu. Anati Esinati waumbitsa kale njerwa, zangotsala kuwotcha, munthu angabwerere bwanji chimanjamanja. Ndinamutukwana, iye n'kumaseka. Kuyambira pamenepo akachedwa pang'ono kubwera ndinkapezeka ndaima pamsewu.

Mwayi unabwera ndi mzungu wina wa chikwama kumsana, amene gitala yake inathyoka khosi m'basi. Anaona kuti singakonzeke, anangoisiya pashopu. Ba Sakala ataitsegula ndinawaona akumwetulira koyamba.

"Izi ndiye zizamusunga mulamu wako."

Ankanena mapikapu, timabokosi tija timakhala pansi pa nsambo n'kumamva kunjenjemera kwake. Awa sanali wamba. Ankayendera kabatire kamakona, kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo sang'ung'udza ngakhale kawaya ka kunsambo katakhala kosalumikiza. Ndiye kuti nsambo zimangokhala pazokha. Ampu ipenge mmene ingapengere, magetsi ake alibe njira yofikira kuzala.

Tinatenga gitala yakale imene inkangodya fumbi pashopu n'kusamutsiramo zonse. Ndinasema malo a batire ndi tchizulo. Ba Sakala anandipatsa jeki yake, kabowo kaja kolowetsamo kebulo, n'kuiika pachikhatho changa.

"Jeki wamba ili na miyendo ibili. Iyi ili na itatu. Umodzi ni wa mau, wina ni wa efi, wopeleka malaiti pansi, wachitatu ni wa batili. Ukangenesa kebulo, batili yauka. Ukachosa, yagona. Kulibe switchi ina."

Sindinawotchererepo waya mosamala ngati tsiku limenelo. Mwendo uliwonse ndinaukoka, n'kuukokanso. Kawaya ka kunsambo ndinakakulunga ndi tepi n'kukapindira pakona kuti kasakhudze kanthu. Ba Sakala anayeza ndi mita kuchokera pa nsambo kufika pa jeki, singano osasuntha. Kenako anamugwira Filimoni paphewa.

"Ukasiliza kuliza, chosa kebulo. Ukaisiya mukati, batili idyewa na gitala ili chabe gone. Wamvela?"

"Namvela, ba Sakala," anayankha m'chinyanja chawo, chimene iye ankachikonda kuposa ine.

Miyezi imene inatsatira ndi imene ndimafuna kukumbukira, koma ndi imene imathawa msanga. Filimoni ananenepa. Lamulungu tikachoka kutchalitchi amayi a kwa Sakala ankatiitana m'nyumba yaikulu, iye n'kumawaphunzitsa nyimbo za kwaya ya kwathu. Njerwa zinawotchedwa. Gitala yatsopanoyo inkagonera kuloji komweko pamodzi ndi zida zina, chifukwa alonda anali atayamba kuletsa katundu wolowa ndi kutuluka. Ine ndinkangomufunsa ngati kebulo akuzula.

"Ndikuzula, bambo anga ondibala," ankatero.

Ndipo nthawi imeneyo ankazuladi. Pang'ono ndi pang'ono ndinasiya kufunsa, ndinasiyanso kuima pamsewu.

Linali Loweruka, mvula ikupita kumapeto koma ikubwerabe mwamkuntho. M'mawa akuyanika zikopa zake pachingwe, ananena ngati nkhani wamba.

"Alamu, gitala yanu yayamba chimfine. Ndikaikanda mwamphamvu mawu amasasa."

Kusasa kumeneko ndi batire likamatha, ndipo nthawi yake yotha inali isanakwane.

"Kebulo mukuzula?"

Anayang'ana kumbali. Anati chipinda chosungira zida ankagawana ndi magulu ena ovina, ndipo makebulo anayamba kusowa. Ba Mubita atatopa kugula anabwera ndi tepi yakuda n'kumanga kebulo iliyonse pachida chake, kukulunga mpaka kulimba, n'kunena kuti womasula adzipezere ntchito kwina.

"Ndinawauza za batire. Anati gitala yosaimbidwa ingadye bwanji kanthu."

"Kuyambira liti?"

"Khirisimasi isanafike."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanalalata ngati mmene mukulalatiramu."

Ndinamuuza kuti asapite. Anati kwabwera gulu lalikulu la alendo ndipo ba Mubita akudikira pamsewu ndi galimoto. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti ndibweretsa batire lina, koma likatha ndisanafike akhale pansi, gitala yakale ija asaiyandikire.

"Ndikhala pansi, ndipinde miyendo ngati mkwatibwi," anatero, n'kupita akuseka.

Pashopu mabatire amtunduwo anali atatha. Loweruka anthu a m'matchalitchi amawasesa onse kuti akaike m'maiki a Lamulungu. Ndinazungulira masitolo a m'tauni, kulikonse yankho linali limodzi. Ba Sakala anali kumaliro a munthu wa mumpingo. Atabwera chakumasana ndinawafotokozera. Anatsegula kabati, kumasula mita yawo, kuchotsa batire la mkati mwake n'kundipatsa, pamodzi ndi ndalama ya takisi. Nthawi imeneyo mvula inali itagwa kale n'kukata, magetsi atazima tauni yonse.

Foni ya Filimoni inkangoitana. Ndinkadziwa chifukwa chake. Munthu wovala zikopa alibe thumba, mafoni ankawasiya m'zovala kuchipinda chija.

Pageti la loji panali mlonda, mnyamata wa m'tauni momwemo, yunifomu yosita bwino.

"Ba mudala, kuno sibangena chabe. Mufuna ndani?"

Ndinamuonetsa batire, n'kumufotokozera mmene ndikanathera.

"Siyani apa, nizapeleka bakasiliza."

"Akamaliza lidzakhala lopanda ntchito. Thamanga nalo panopa."

"Nikachoka pa geti banichosa nchito. Na imwe nikakungenesani, ni chimozimozi."

Sanali mwana woipa. Anayesa kuitana anzake pawailesi yake ya m'manja, koma palibe anayankha. Ndinaima pamenepo, madzi akudontha m'mitengo. Kuseri kwa mpanda ndinkamva kajenereta, ndinkamva mafoloko m'mbale, ndinkamvanso gitala imene ndinaiwotcherera ndekha. Inali ikusasa kwambiri. Mawu ankachepa, n'kubwerera, n'kuchepanso. Pakati pa nyimbo ina anangoti zii.

Ng'oma zinapitiriza zokha. Ndinapemphera mokweza, mlonda akundiyang'ana, kuti Mulungu amukhazike pansi munthu uja. Ndinamva ba Mubita akunena kanthu pamaiki m'Chingelezi, alendo n'kuseka. Kenako kunamveka gitala ina, ya mawu opyapyala. Ndinaidziwa nthawi yomweyo, inali yoluma ija.

Filimoni anaiimba bwino, zimenezo ndiyenera kunena. Nyimbo inafika pakati popanda choipa, mpaka ndinayamba kudziuza kuti mwina lero ampu yagona. Ndiye inafika nthawi yakuti iye alowe ndi mawu achiwiri. Ndinamumva akuyamba liwu limodzi. Masipika anaphulika phokoso, n'kutsalira kung'ung'udza kwakutali kosaleka. Alendo anawomba m'manja. Ng'oma zinapitabe pang'ono, zinaphonya, zinaleka. Mayi wina anakuwa. Wina anazimitsa jenereta, ndipo kunatsala mkokomo wa mtsinje wokha.

Woimba ng'oma anadzandiuza pambuyo pake kuti Filimoni anaima pa zala za kumapazi, thupi lonse likunjenjemera, dzanja litakanirira pa nsambo, mlomo uli pamaiki. Alendo anakweza mafoni kumujambula poganiza kuti ndi mavinidwe.

Mlonda uja sanandiletsenso, tinathamangira limodzi. Ndinamupeza atagona pakapinga wonyowa, zikopa zitakwera m'chiuno, mzungu wina akumupsinja pachifuwa. Ndinavula malaya anga n'kumufunditsa m'miyendo. Dzanja lake lamanzere linali chitsegukire, ndipo m'zala munadutsa mizere yakuda yoyendera limodzi, mmene nsambo zinakhalira. Kuchipatala anangotiuza zimene tinkadziwa kale.

A loji anati sanali wantchito wawo. Ba Mubita analira kwambiri pakhomo pa ba Sakala, ndipo ine sindinathe kuwayang'ana. Apolisi atafunsa mapepala anga anandiuza kuti ndiperekeze maliro ndipo ndisabwerenso. Anthu a mumpingo wa ba Sakala, ambiri a iwo a ku Chipata ndi ku Katete, ndi amene anasonkha za bokosi ndi galimoto. Potsanzikana ba Sakala anandipatsa bokosi lachitsulo, mkati muli chowotcherera chatsopano, mita, mapulayala ndi masikuludiraiva.

"Ukayambile apa. Bana ba mulamu wako manje ni bako."

Ndinalandira ndi manja awiri, osaganiza mmene zidzaonekere kwathu munthu akutsika m'galimoto ya maliro atanyamula katundu wonyezimira.

Abale ake a Filimoni anati bokosi litsegulidwe, mwana wawo asambitsidwe mwa mwambo. Adzukulu atatuluka m'nyumba ya siwa sanandiyang'ane. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti m'zala za malemu muli mizere ngati mphini, ndi chipsera pamlomo. Kwathu munthu akapita kutali ndi mnzake, mnzakeyo n'kufa imfa yosamveka, iye n'kubwera ndi chuma, dzina lake limadziwika. Amati wakhwimira.

Atsibweni ake a Filimoni anandiitanira pansi pa mtengo, amuna a mbali zonse ziwiri atakhala.

"Tiuzeni, bambo. Mwana wathu chamudya n'chiyani?"

Ndinafotokoza. Ndinanena za ampu, za kawaya ka kunsambo, za jeki ya miyendo itatu, za tepi ya ba Mubita. Ndinkati ndikamawonjeza mawu, mitu n'kumaweramira pansi. Ndinazindikira ndekha kuti ndikumveka ngati munthu amene wakonzekera bwino zonena.

"Ndiye mukuti gitala imene inasiya kulira ndi imene munamupangira inu?"

"Eya, koma imeneyo ndi imene inkamuteteza."

"Ndipo inu munali pageti."

"Ndinali pageti."

"Tamva."

Sanandinene kanthu, ndipo kusanena kumeneko n'kumene kunandipweteka. Akanandinena ndikanayankha.

Esinati anadikira mpaka tsiku lometa litadutsa. Anandiitana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mulu wa njerwa, n'kundiuza kuti ndimufotokozere iye yekha, kuyambira pachiyambi. Ndinamuuza zonse, ngakhale za mapazi ndi za mkwatibwi. Penapake anaseka pang'ono, kenako analira. Nditamaliza anagwira manja anga onse awiri n'kuwatembenuza, kuyang'ana m'zala chimodzichimodzi. Munali zipsera za chowotcherera, zakale ndi zatsopano, zimene wokonza mawailesi aliyense ali nazo. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva, achimwene," anatero.

Benchi langa ndinalibwezera pakhonde lomwe lija. Ntchito ikuyenda, ndipo kuyenda kwakeko anthu amakuwerengera. Nyumba ya Esinati ndinaimaliza ndine, malata ndi zitseko, ndipo sanakane chilichonse. Sanandinenepo mawu oipa, kwa ine kapena kwa munthu wina amene ndinamumva. Sindikudziwa chimene amakhulupirira, mwina nayenso sadziwa. Ndimamusowa mlongo wanga kuposa mmene ndimamusowera Filimoni, chikhalirecho amakhala tsidya la msewu.

Ndikafika pakhomo pake amandiyalira mphasa, amagwada n'kundipatsa moni bwinobwino, kufunsa za thupi ndi za ntchito. Kenako amadzuka, n'kuitana ana ake mmodzimmodzi kuti alowe m'nyumba.